Zotsalira mu black mass ndi zimene zimapha batire

Achimwene, mwafunsa ngati batire la lithium-ion lopangidwa ndi zinthu zochotsedwa m'mabatire akale lingagwire ntchito ngati latsopano. Lingathe, bola oyenga agwire ntchito yawo bwino. Nickel ndi cobalt sizikalamba. Chimene chimaononga ndi zinyalala zotsalira.

Mabatire akale amawagaya n'kukhala ufa wakuda wotchedwa black mass. Muufamo mumalowa tizidutswa ta mkuwa ndi aluminiyamu tochokera ku timapepala tachitsulo tonyamula magetsi, chitsulo chochokera ku chikopa cha selo (kabatire kamodzi pakokha) ndi mipeni ya makina ogayira, komanso fluorine wochokera ku electrolyte (timadzi ta m'kati mwa selo) ndi guluu wotchedwa PVDF.

Woopsa kwambiri ndi mkuwa. Kanjere ka mkuwa kakatsalira mu cathode (mbali ya + ya selo), kamasungunuka voteji ikakwera potchaja, chifukwa selo imafika 4.2V pomwe mkuwa umayamba kusungunuka chapafupi ndi 3.5V. Ukatero umaoloka separator (kapepala kolekanitsa mbali ziwiri za selo) n'kukaundana pa anode (mbali ya -) ngati timinga. Separator yake ndi yopyapyala kuposa tsitsi, pafupifupi 20 micron, ndiye ikabooka selo imayamba kudzidyera moto yokha ili chikhalire, nthawi zina n'kutentha mpaka kuyaka. Chitsulo chimachitanso chimodzimodzi, n'chifukwa chake mafakitale amadutsitsa ufawo pa maginito ndipo zitsulo zoterezi amaziwerenga m'ma ppb (magawo pa biliyoni).

Aluminiyamu ndi wofatsako. Wochepa amalimbitsa cathode, ndipo m'maselo a NCA (nickel, cobalt, aluminiyamu) amamuikamo dala. Akachuluka amangodzaza malo popanda kusunga moto, mAh (muyeso wa moto umene selo imasunga) n'kutsika. Fluorine akakumana ndi chinyezi amapanga asidi wa HF, amene amadya manganese mu cathode.

Kuyenga kumayenda motere: ufa amausungunula mu sulfuric acid ndi hydrogen peroxide, mkuwa amauchotsa payekha, kenako amakweza pH (kutanthauza kuchepetsa ukali wa asidi) pang'onopang'ono kuti chitsulo chigwe pansi chapafupi ndi pH 3 mpaka 4, aluminiyamu pa 4 mpaka 5. Akathamanga kukweza, nickel ndi cobalt zimagwera limodzi, ndalama n'kutayika. Apa ndi pamene ena amadulira njira. Lithium carbonate, ufa wa lithium wopangira batire, ayenera kuyera 99.5% kapena kuposa.

Musasokoneze zimenezi ndi maselo obulungira a saizi ya 18650 ozulidwa m'malaputopu, amenewo ndi akale basi. Koma muyeso wake ndi umodzi: tchajani maselo onse mpaka 4.2V, lembani voteji ndi multimeter, asiyeni masabata awiri osalumikiza chilichonse. Amene atsika kwambiri kuposa anzawo ndiye kuti akudzidyera moto okha, musawaike mu paki ya solar.