Makina a achemwali akadali pakhonde

Kalata yanu inandipeza Lachiwiri usiku, ndipo tulo tinandithawa. Mwati amayi anu anamwalira chaka chatha ndi khansa ya kummero, mu Ogasiti akubwerayu mukukamanga chiliza, ndipo abale asankha inu kuti mukanene mbiri yawo. Koma mukatsinzina mukungowaona ali pamphasa, ataonda, akulephera kumeza ngakhale phala. Mukufunsa kuti mungawakumbukire bwanji monga analili kale.

Mwandigunda pachilonda. Ndiloleni ndiyambe ndi za kwathu.

Achemwali anga aakulu anali telala ku Ndirande. Makina awo a Singer, akuda aja opalasa ndi phazi, ankakhala pakhonde la nyumba ya lendi. Tepi pakhosi, choko m'manja, mapini atatu kapena anayi pakamwa, ndipo ankatha kukudzudzula bwinobwino mapiniwo osagwa. Sukulu zikayandikira kutsegulira ankasoka mayunifolomu mpaka tambala woyamba. Mabulauzi oyera a amayi a Mvano a mumpingo mwathu ambiri anadutsa pa makina amenewo. Fizi yanga ya kusekondale inatuluka pa singano yomweyo, sindinaiwale.

Matenda anayamba mwakachetechete. Ankataya magazi nthawi yosakhala ya kumwezi, ndipo anabisa kupitirira chaka chathunthu, chifukwa za kumusi munthu wamkulu sauza mng'ono wake. Atalimba mtima anapita pa kachipatala kena, anawapatsa mapiritsi, nabwerera. Anapitanso, mapiritsi omwewo. Apa abale anayamba kunong'ona kuti pali dzanja la munthu, poti ntchito yawo inkayenda bwino kuposa ya anzawo. Mbuzi inapita kwa sing'anga, miyezi inayi inapita nayo. Pamene tinkafika ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth mu 2016, adokotala anatiuza mosabisa kuti ndi khansa ya khomo la chiberekero ndipo yafalikira kale. Nthawi imeneyo m'dziko muno munalibe makina owotchera khansa, odwala ankadikira mwayi wotumizidwa kunja monga ku India kapena ku Zambia. Ife tinalowa pa mndandanda wa odikira.

Gadiyani ndinali ine. Ndikudziwa kutembenuza munthu wamkulu wopepuka ngati mwana, ndikudziwa kuchapa zitenje m'mamawa kusanache kuti aneba asaone. Fungo la matenda amenewa anthu salitchula, koma ndi limene linachepetsa alendo pakhomo pathu. Ena amene ankadzaza khonde kudzayesa madiresi anayamba kupereka moni ali kumsewu. Pa maliro anabwera onse, nsima inaphikidwa m'madiramu. Sindikuwasungira mangawa, koma ndinaona.

Chimene chinatipumitsa ndi a Tiyanjane, aja osamalira odwala matenda osachiritsika pa Queen Elizabeth pomwepo. Anatipatsa morphine wamadzi m'botolo, natiphunzitsa kumwetsa pa nthawi yake osadikira kuti ululu uyambe kaye. Usiku umenewo achemwali anagona mpaka m'mawa, koyamba pa milungu yambiri. Namwino wina anawafunsa kuti, "Amayi, mumagwira ntchito yanji?" Anayankha kuti ndine telala, kenaka anagwira mkono wa yunifolomu ya namwinoyo n'kunena kuti amene anasoka apa anathamanga. Tinaseka tonse, ine misozi ili chuchuchu.

Anatisiya mu Meyi 2017. Ndipo nachi chimene chimandipweteka mpaka lero. Pa maliro amalume anaimirira ndi pepala: anabadwa chaka chakuti, anaphunzira pakuti, anakwatiwa, wasiya ana atatu, wamwalira atadwala nthawi yaitali. Basi. Utelala sunatchulidwe, khansa sinatchulidwe. Zaka 44 za munthu zinatha m'mphindi ziwiri, ndipo amfumu analankhula nthawi yaitali za chipepeso kuposa pamenepo.

Mawu akuti "atadwala nthawi yaitali" ine ndinadana nawo kuchokera tsiku limenelo, ndipo ndikukupemphani musakawanene pa chiliza cha amayi anu. Timati tikulemekeza malemu, koma tikungosiya mpata woti anthu adzazemo okha, ena ufiti, ena matenda aja amene amanenedwa monong'ona. Pa maliro a achemwali panali amayi mazana atakhala pansi, ambiri a iwo a zaka zoyenera kukayezetsa. Munthu mmodzi akanangoimirira n'kunena dzina la matendawo, mwina khumi akanapita kuchipatala sabata yotsatira.

Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ikupha amayi kwambiri pa dziko lonse, chonsecho ndi khansa imene imapeweka. Imayamba ndi kachilombo ka HPV, kofala pogonana, ndipo imatenga zaka zambiri isanakule. Kuyeza kwake n'kosavuta, namwino amapaka viniga pa khomo la chiberekero n'kuyang'ana ngati pali poyera, ndipo m'zipatala za boma salipiritsa. Akapeza zizindikiro zoyambirira amatha kuthandiza tsiku lomwelo. Amayi amene ali ndi HIV ndiwo ali pa chiopsezo chachikulu, pafupifupi kasanu ndi kamodzi kuposa anzawo. Katemera wa HPV anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 9, ndipo ndikamva kholo likukaniza mwana poti akuti amatseketsa mimba, mtima umandiwira. Mwana wamkazi wa achemwali ndinamutengera ndekha. Khansa ya kummero imene inatenga amayi anu nayonso ndi yochuluka kuno kwathu kuposa mayiko ambiri, ndipo anthu amafika kuchipatala nsima itayamba kale kukana kutsika. Amene adzamve inu mukunena zimenezi sadzazengereza chakudya chikayamba kumukhala pakhosi.

China, poti ndayamba kale: zithunzi za wodwala ali pabedi zija musazilole pa WhatsApp. Msuweni wanga anaika chotero pa status ndipo kwa anthu ambiri nkhope yomaliza ya achemwali ndi imeneyo. Iwo amene sankatuluka pakhomo duku lisanakhale bwino!

Nkhope yawo inabwerera bwanji

Kwa zaka ziwiri nanenso ndinkangoona mphasa. Tsiku lina ndikupukuta makina aja ndinatsegula kadilowa ka m'mbali, ndinapezamo kope la sukulu lopindika m'makona. Munali miyezo ya makasitomala ndi ngongole zawo. "Mayi abusa, chiuno 38, yotsala K1,500." Pansi pa dzina lina analemba kuti "wamasiye, osamufunsa." Ndinakhala pansi pakhondepo mpaka dzuwa kulowa. Lamulungu lotsatira ndinaona mayi wina wa Mvano atavala bulauzi, ndipo ndinazindikira msoko wobwereza kawiri m'khwapa, mmene ankasokera iwo okha. Ndinamutsatira, ndinamufunsa, ndipo anandiuza nkhani ya achemwali ali mtsikana imene sindinaimvepo, yoti anasoka diresi laukwati usiku umodzi telala wina atathawa ndi nsalu.

Ndiye yankho langa ndi lalifupi. Inu munawaona kwambiri miyezi yomaliza chifukwa ndinu munawasamalira, choncho zaka zinazo kazitengeni kwa amene anazisunga. Ogasiti asanafike pitani kwa azakhali, kwa anzawo a kumunda kapena a kumsika, kwa amene ankaimba nawo kwaya. Musawafunse kuti anali munthu wotani, adzangoti anali wabwino. Afunseni za tsiku limene anakwiya, chimene ankaphika bwino, mawu amene ankakonda kunena. Jambulani mawuwo pafoni. Sankhanipo nkhani zitatu, matendawo muwatchule dzina lake m'chiganizo chimodzi, nthawi yotsalayo ikhale ya moyo wawo. Mukalira pakati, imani, anthu adzadikira.

Makina aja lamba anaduka chaka chatha, tinagula wina mumsika wa Limbe. Mwana wawo wamkazi ndiye akupalasa tsopano. Mapini pakamwa ndamuletsa kangapo, sakumva.