Paini wotsalayo asayandikire tayala la kangolo kanu

Achimwene, mwafunsa ngati paini wotsala pa denga angakhale bwino kudulapo zopingira matayala a kangolo kanu kokoka ndi galimoto, timitengo toika kunsi kwa tayala kuti kasagubuduke. Painiyo musiyeni, musadulepo. Ndikulemba mtima ukugunda chifukwa funso lanu landibwezera ku Senga Bay.

Kanga ndi kofanana ndi kanuko, matayala awiri a saizi 13, tenti pamwamba, handibuleki palibe. Mu Julaye chaka chatha tinatsika msewu wa M14 kuchokera ku Lilongwe, ine, mayi a kunyumba ndi ana awiri. Pa boma la Salima ndinaima kwa kalipentala wina kuti andidulire zopingira. Ndinamuonetsa tayala, ndinamuuza kuti kangolo kadzaza ndi zigubu za madzi ndi katundu, ndipo pamwamba pagona ana. Iye anati, "Bwana musadandaule, izi zimagwira ngakhale lole." Anadula tizidutswa tiwiri ta paini, tating'ono ngati sopo wa mtanda, n'kutisalaza, n'kutipaka vanishi. Anati tiwiri takwana, kamodzi tayala lililonse. Ndinalipira osanenerera.

Malo amene tinamanga msasa ndi otsetsereka pang'ono kulowera kunyanja, pansi pouma gwa koma pamwamba pali kamchenga. Ndinamasula kangolo ku galimoto, ndinaika tizidutswa tija, kanaima bwinobwino. Dzuwa litalowa mwera unayamba, inu a kunyanja mukuudziwa mwera wa mu Julaye, tenti ija inkachita kukupiza ngati thanga la bwato. Mnyamata wanga ankangokwera ndi kutsika makwerero a tenti, kangolo n'kumagwedezeka. Mlongo wake wa zaka 4 anakhala pamkeka kumunsi, mbali ya kunyanja, akudya nsima ya chambo. Mayi ake anali pambaula pafupi pomwepo.

Ndinangomva kuti thyo! Chopingira cha kumanzere chathyoka. Cha kumanja chinagwira kaye pang'ono, ndiye kangolo sikanatsike molunjika, kanazungulira, chitsulo chokokera chija n'kusesa ngati chikwakwa. Katayala kakutsogolo kochirikiza chitsulocho kanalemba mzere mumchenga. Mayi ake anakuwa, "Mwana! Mwana!" Ine ndinadumphira chitsulocho ndi manja awiri koma chinandikoka chogwada, maondo akupalika, mbaula inagubuduka, makala amoto anamwazika paliponse, tochi inagwa, mdima bii. Ndinkamva mnyamata akulira pamwamba mutenti, koma wamng'onoyo sindinkamumva. Sindinkamumva, achimwene. Kangolo kanakaima pamtengo wa mango, zala zanga ziwiri zili pakati pa chitsulo ndi mtengo, koma ululu sindinaumve nthawi imeneyo. Ndinakwawa kupapasa pamkeka. Ndinapeza mbale yake yaphwatalala, nsima yamatirira pamene tayala ladutsa. Kenako ndinamva kulira kumbuyo kwanga. Mayi ake anali atamukoka ndi diresi, diresiyo inang'ambika kuchokera paphewa mpaka m'chiuno, onse awiri ali chigonere mumchenga.

Alonda a pamalopo, bambo achikulire, anabwera akuthamanga. Sanayankhule zambiri. Anatsikira kugombe, anabwera ndi miyala inayi ikuluikulu, anaikankhira ku matayala kutsogolo ndi kumbuyo ndi chidendene. Miyala imeneyo inagwira masiku atatu, mwera ukuwomba usiku uliwonse, kangolo osasuntha.

M'mawa mwake, zala atazimanga kuchipatala, ndinatola chidutswa chothyoka chija. Mkati chinali chachinyezi, paini wamuwisi, ndipo pamene chinathyokera panali mfundo. Choipitsitsa, anachidula mopingasa, mizere ya thabwa ikudutsa cham'mbali, ndiye nsonga yopyapyala imene imalowa kunsi kwa tayala inangobenthuka ngati bisiketi. Chinacho chinali chathunthu koma vanishi uja anachiseleretsa pamchenga. Kalipentala aliyense amadziwa mmene mizere ya thabwa imayendera, ameneyu anangofuna kumaliza zinyenyeswa zake pa ine. Ndinabwerera nacho. Mukudziwa zimene anandiyankha? Akuti mwina ndinaika molakwika, akuti andidulire zina pamtengo wotsikirako. Osafunsa n'komwe kuti mwana ali bwanji, pamene bandeji ili m'manja mwanga akuiona. Mpaka lero ndikadutsa pamenepo ndimayang'ana kumbali, mtima umandiwawa. Munthu ngati sudziwa ntchito umanena, sukuseweretsa moyo wa ana a eni chifukwa cha tindalama tochepa.

Ndiye mverani. Zopingira zikhale zamtengo ndithu, koma mtengowo ukhale wolimba ndi wouma, bulugama wokhalitsa kapena zotsala za mlombwa ngati mungazipeze. Musadule awiri, dulani anayi, tayala lililonse kutsogolo ndi kumbuyo, chifukwa kangolo ka matayala awiri mukapinga mbali imodzi kamazungulira monga kanachitira kanga. Kutalika kwake kukhale gawo limodzi mwa magawo anayi a tayala lonse. Langa kuchokera pansi mpaka pamwamba ndi masentimita pafupifupi 58, ndiye zanga ndi 15 m'mwamba, 16 m'lifupi kuti ziphimbe tayala lonse, 30 m'litali. Mbali yokhudza tayala idulidwe mopendekera, pafupifupi madigiri 45, mizere ya thabwa iyende m'litali kulowera kunsonga, ndipo nsongayo musaisongole kwambiri, isiyeni yonenepa ngati chala chachikulu. Mfundo pasapezeke. Vanishi ayi. Kunsi khomeraniko mphira wa tayala lakutha, mbali ya mapanga, ija imaponda pamsewu, iyang'ane pansi. Boolani pakati mulowetse chingwe, ziwiriziwiri zimangidwe pamodzi kuti muzizikokera ku tayala ndipo chimodzi chisasowe. Ngati mukukamanga pamchenga wofewa ngati wa magombe a ku Nkhotakota, tengani thabwa lotakata muyale pansi, tayala ndi zopingira zonse zikhale pamwamba pake, apo ayi zimamira n'kusiya mpata.

Ngakhale ija ya alonda inagwira, miyala musaidalire, yambiri ya kugombe ndi yobulungira ndipo imagubuduka, komanso yakuthwa imaboola tayala. Kwa akalipentala pitani ndithu chifukwa bulugama wouma simungamudule bwino ndi sowo ya kunyumba, koma thabwa sankhani nokha ndipo muimirire pomwepo mpaka amalize.

Pingani musanamasule kangolo ku galimoto, osati mutamasula, kenako mukakankhe ndi phewa uku ndi uku muone ngati kakusuntha. Mkeka, mbaula ndi ana zikhale kumtunda kwake.