Kompyuta yafika kumudzi, nanga ulendo wa ku ofesi watha?

Makalata ambiri amene mwanditumizira mwezi uno akuzungulira pa nkhani imodzi: nyumba zija amaikamo makompyuta ndi intaneti kuti anthu okhala kutali ndi tauni azipangiramo za boma, monga kulembetsa mwana, kufunsira chiphaso kapena kulipira msonkho. Ena amazitcha matelesenta. Ndasankhapo makalata anayi. Ndisanayambe zolembalembazi ndinakhalapo zaka zitatu pampando wothandiza anthu m'nyumba yotereyi, ndiye mukaona pena ndalankhula mowawa, dziwani kuti ndi zipsera zakale.

FUNSO: Kwathu kuno atiuza kuti atsegula nyumba ya intaneti yoti tizipangiramo zonse za boma. Ine ndine mphunzitsi wopuma ntchito, ndipo miyendo inayamba kale kukana. Ulendo wa ku ofesi umanditengera tsiku lathunthu, ndipo kawirikawiri amandibweza kuti ndibwerenso. Kodi nyumbayi ikatsegulidwa maulendowa atha? Mphunzitsi wopuma

YANKHO: Aphunzitsi, ndikanakonda kungoti eya kuti mukagone tulo tabwino, koma ndikatero ndakunamizani. Maulendo ena atha, ena achepa, ena atsala momwemo. Nkhani yagona ku ofesi imakubwezani ija. Kompyuta ya kwanuko ndi pakamwa chabe, makutu ali ku ofesiko.

Fomu ikatumizidwa imakafika kwa mkulu wina amene ayenera kuiona, kuifananiza ndi kaundula, kenako n'kuvomereza. Ngati kaundulayo analowa kale m'kompyuta, ndipo lamulo likulola kuti chikalata chotuluka m'pulinta chigwire ntchito popanda chidindo cha inki, zanu zitheka muli konko. Koma ngati kaundula akadali m'mafayilo afumbi, mkulu uja adzasindikiza fomu yanu n'kuiika pamulu womwe uja, ndipo uthenga umene mudzalandire pafoni udzati bwerani ndi mapepala enieni. Apo ndiye kuti mwangoonjezera ulendo wina pa maulendo anu akale.

Zoterezi zinachitikapo. Mu January 2000, m'boma la Dhar ku India anayamba ntchito yotchedwa Gyandoot. Anaika makompyuta m'midzi kuti alimi aziona mitengo ya mbewu m'misika, azifunsira zikalata komanso azitumiza madandaulo kwa akuluakulu. Chaka chomwecho ntchitoyi inalandira mphoto ya Stockholm Challenge ndipo mbiri yake inawanda. Patangopita zaka zochepa, ofufuza atabwererako anapeza kuti anthu obwera m'malowa ndi ochepa kwambiri. Magetsi ankathimathima, kulumikizana kunkaduka, ndipo m'maofesi ntchito inkayendabe ya pamanja. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ku Rwanda anaganizirako za mbali ya ofesi. Mu 2015 anatsegula tsamba la pa intaneti la ntchito za boma lotchedwa Irembo, dzina limene m'chilankhulo chawo limatanthauza chipata. Munthu wosadziwa kompyuta amapita kwa ejenti wapafupi, ejentiyo n'kumulembera. Akafunsira kalata yosonyeza kubadwa, ofesala amavomereza ali pampando wake, kalatayo imabwera pa intaneti ndipo ejenti amangosindikiza. Ku Kenya anadzera njira ina. Mu 2013 anayamba malo otchedwa Huduma, kuyambira ku positi ofesi yaikulu ya Nairobi, kumene maofesi ambiri anawasonkhanitsa pansi pa denga limodzi. Izi zimachepetsa kuyendayenda m'tauni, koma wa kumudzi amayenerabe kukafika kutauniko.

Ndiye pali ntchito zina zimene zimafuna thupi lanu lenilenilo, zofuna kudinda zala kapena kujambulitsa nkhope pa makina a boma. Zimenezi kompyuta wamba singazithe. Ku Brazil, bungwe loona za penshoni lili ndi maboti otchedwa PrevBarco amene amayenda m'mitsinje ya ku Amazon, maofesala ali momwemo, chifukwa anaona kuti pena ofesi ndi imene iyenera kunyamuka. Inu opuma ntchito nkhani imeneyo ikukukhudzani kwambiri.

Choncho tsiku lotsegulira, akuluakulu akamadula riboni, inu mukweze dzanja monga munkawaphunzitsira ana. Mufunse kuti ndi ntchito ziti zimene zimathera pomwepo, munthu n'kutuluka chikalata chili m'manja, ndipo mupemphe kuti azilembe pakhoma. Mufunsenso kuti a makina odindira zala azibwera liti. Akayamba kutamanda liwiro la intaneti, muwabwezere pa funso lanu.

FUNSO: Mayi anga sadziwa kuwerenga. Mnyamata wa panyumba ya intaneti anawatsegulira akaunti ya za boma, koma pasiwedi anasunga yekha ndipo anaikapo nambala ya foni yake. Akuti akuwathandiza kuti asamavutike. Mnyamatayo ndi waulemu, koma mtima wanga sukukhazikika. Kodi ndikungodandaula pachabe? Mwana wamkazi wa mayi okalamba

YANKHO: Achemwali, mtima wanuwo wanena zoona. Mnyamatayo mwina alibe chiwembu chilichonse, ndipo ndikumumvetsa chifukwa ine ndinachitapo zomwezo. Ndinali ndi kope lachikuto cholimba momwe ndinkalembamo dzina la munthu, nambala ya chiphaso ndi pasiwedi yake, mzere ndi mzere. Ndinkati ndikupulumutsa agogo oiwalaiwala. Tsiku lina ndikuchokera kukasintha batire ndinapeza mwana wasukulu wakhala pampando wanga, akuvundukula kope lija modekha ngati akuwerenga nthano. Sanabe kanthu. Koma m'manja mwakemo munali makiyi a anthu oposa zana, ndipo wowasiya poyera ndinali ine.

Nambala ya foni ndi imene ikundiopsa kwambiri kuposa pasiwedi. Akaunti zambiri zimatumiza kanambala kachinsinsi ku foni imene inalembetsedwa, kogwira ntchito kamodzi kokha, ndipo pasiwedi ikaiwalika amadzeranso komweko. Ndiye kuti mwini foniyo ndiye mwini akaunti. Mnyamatayo akadzasamuka, akadzachotsedwa ntchito kapena foni yake ikadzabedwa, mayi anu adzatsekeredwa kunja kwa zinthu zawo zomwe.

Ndikukumbukira mayi wina amene anabwera ndi mapepala ake atawakulunga bwinobwino m'pulasitiki, m'mbali mwake mutayamba kale kuthetheka. Tinalemba zonse, kompyuta n'kunena kuti yatumiza kanambala. Tinadikira, foni yawo ili chete. Tinayesanso, chete. Titafufuza tinapeza kuti nambala yolembetsedwa inali ya mwana wawo amene anapita kutali kukafuna ntchito, ndipo simukhadi ija anaitaya kalekale. Makampani a mafoni akaona kuti nambala yakhala nthawi yaitali osagwira ntchito amaipereka kwa munthu wina. Kanambala ka mayi aja kankalira m'thumba la mlendo. Kuti zikonzeke anayenera kuyenda ulendo womwe uja ankauthawa.

Mupite nawo limodzi mayi anu, mukalankhule ndi mnyamatayo mwaulemu, musakamuyese wakuba. Nambala asinthe, aike ya mayiwo kapena yanu, bola ikhale yoti simudzaitaya. Pasiwedi musinthe inuyo iye atayang'ana kumbali, muilembe papepala n'kuisunga kunyumba pamodzi ndi zikalata zawo. Mukamaliza muonetsetse kuti watulukamo mu akauntiyo musanadzuke pampando. Mumupemphenso afufute zithunzi za ziphaso zimene anajambula, chifukwa m'makompyuta a m'nyumba zoterezi mumadzaza ziphaso za anthu zimene aliyense wokhala pampandowo angathe kutsegula.

Kanthu kena: fomu isanatumizidwe, aiwerenge mokweza mayi anu akumva. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Chilembo chimodzi cholakwika pa dzina, kapena chaka chobadwa chongoganizira, chimatenga miniti kuchilemba koma miyezi kuchikonza. Ndipo ndalama ikaperekedwa pazikhala lisiti yochokera m'kompyuta, yosonyeza padera ya boma ndi ya wothandizayo. Zikasakanizidwa ndi pamene wothandiza amasanduka dobadoba. Ku India, mu 2018, bungwe la boma lopereka nambala zozindikiritsa munthu zotchedwa Aadhaar linakana kupitiriza kulembetsa anthu kudzera m'malo a m'midzi otchedwa Common Service Centres, ponena kuti madandaulo a katangale anachuluka. Dobadoba amene ankadikira pakhomo la ofesi amatha kungosamukira kuseri kwa kompyuta.

FUNSO: Masiku ano aliyense ali ndi foni. Bwanji boma likutaya ndalama kumanga nyumba za makompyuta? Wophunzira wa ku koleji

YANKHO: Mng'ono wanga, "aliyense" ameneyo mwamuwerenga muli pakati pa anzanu a ku koleji. Bungwe la United Nations loona za mafoni ndi intaneti, la ITU, linanena kuti mu 2023 anthu pafupifupi 2.6 biliyoni sankagwiritsa ntchito intaneti, ndiye kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse padziko lapansi. M'matauni ogwiritsa ntchito anali 81 pa 100 alionse, kumidzi 50 okha. Komanso foni sisindikiza, siwerengera munthu fomu yolembedwa m'chilankhulo chimene sachimva, ndipo m'mabanja ambiri foni imodzi yomweyo imayenda ndi bambo.

Pena mukunena zoona ndithu. Malo oyamba otere anatsegulidwa ku Vemdalen, mudzi wa ku Sweden, mu 1985, ndipo ku Nakaseke ku Uganda mu 1999, nthawi imene kungoona kompyuta chinali chinthu chachilendo. Chipinda cha makompyuta khumi ondandalikidwa kudikira anthu oti adzafufuze okha, chimenecho foni inachipha. Chimene sichinafe ndi munthu wokhala pampando uja. Ku Bangladesh anazindikira zimenezi pamene ankatsegula malo opitirira 4,500 mu November 2010: anakonza zoti pamalo alionse pazikhala anthu awiri, mwamuna ndi mkazi. Ine ndinaona ndi maso anga amayi akubwerera pakhomo chifukwa choti nkhani imene anabwera nayo, ya ukwati kapena ya mwana wopanda dzina la bambo, sakanatha kuifotokozera mnyamata pamaso pa anthu a pamzere.

FUNSO: Ndinamaliza sukulu, kompyuta ndimaidziwa, ntchito ndilibe. Ndikufuna kupempha kuti ndiziyendetsa malo otere. Kodi munthu angadyerepo? Mnyamata wofuna kudziimira

YANKHO: Achimwene, angadyerepo, koma osati pa ntchito za boma zokha. Munthu amafuna kalata ya kubadwa kamodzi, chiphaso kamodzi pa zaka zingapo. Ntchito za boma zimabwera ngati mvula: nyengo ya zotsatira za mayeso kapena yolembetsa chinachake mzere umafika panja, kenako milungu ingapo mukungothamangitsa ntchentche. Chimene chinkandisunga ine chinali fotokope, kutayipa makalata, kujambula zithunzi za paziphaso ndi kutchaja mafoni. Ku India, komwe mu 2006 boma linakonza zotsegula malo 100,000 oti athandize midzi 600,000, oyendetsa malowa salandira malipiro a pamwezi. Amadya kakomishoni pa ntchito iliyonse, n'chifukwa chake ambiri amaphatikizapo za banki, za inshuwalansi ndi kulipiritsa mabilu.

Musanasaine chilichonse, mufunse kuti zinthu zikafa wokonza ndani. Mabungwe othandiza amakonda kugula makina chifukwa amaoneka bwino pachithunzi, koma ndalama ya intaneti ya mwezi ndi mwezi, inki ndi mabatire amaisiya m'manja mwa komiti imene ilibe thumba. Kwathu kuja pulojekiti itatha chinayamba kufa ndi mabatire a sola. Mapanelo anali bwinobwino padenga, koma ikangokwana 3 koloko masana zonse zinkazima. Ngati mudzadalira sola, samalani ndi pulinta ya laser: ikamatenthetsa imakoka magetsi mawati mazana angapo nthawi imodzi, pamene ya inki yamadzi imakoka ochepa kwambiri, ndipo laputopu imadya pang'ono poyerekeza ndi kompyuta ya padesiki.

Chovuta kwambiri pa ntchitoyi sichili m'makina. Anthu sadzasiyanitsa inu ndi boma. Fomu ikakhala miyezi iwiri osayankhidwa, wotukwanidwa ndinu, chifukwa ndinu amene mukuoneka. Choncho mukaumirire kuti akupatseni nambala ya munthu weniweni wa ku ofesi amene amayankha foni, ndiponso njira yoonera pamene fomu iliyonse yafika. Mukhale ndi kope lolembamo tsiku limene fomu yatumizidwa ndi nambala yake yolondolera, kuti munthu akabwera mokwiya mumuonetse pamene zaima. M'kope limenelo musalembemo pasiwedi ya munthu aliyense, ngakhale agogo atakuchondererani chotani.