Kodi n'zoona kuti asilikali amaphunzira ntchito pa magemu? Yankho kwa mayi wa ku Bangula

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Bangula. Mwana wawo wamwamuna analemba mayeso a Fomu 4, akufuna kulowa usilikali, ndipo masiku ano amangokhalira pa foni kusewera magemu, ena omanga mizinda, ena owomberana. Akamudzudzula amayankha kuti ngakhale asilikali a ku America amaphunzira ntchito yawo pa magemu. Mayiwa akufuna kudziwa ngati mwanayu akunena zoona kapena akungofuna ndalama ya bandulo.

Mayi, zikomo pondilembera. Mwana wanu sakunama, koma nkhaniyi sanayimve yonse.

Zinayamba kalekale. Mu 1996 asilikali a ku America otchedwa Marines anatenga gemu yowomberana ya Doom II n'kuyisintha kuti anyamata anayi azisewerera limodzi, kuphunzira kuyankhulana ndi kutetezana. Mu 2002 gulu lankhondo la dzikolo linatulutsa gemu yakeyake, America's Army, n'kumaigawa mwaulere pofuna kukopa achinyamata kuti alowe usilikali, ndipo inatsekedwa mu 2022. Lero mayiko ambiri amagwiritsa ntchito pulogalamu ya pa kompyuta yoyeserera nkhondo yotchedwa VBS, yomwe inachokera ku gemu yopangidwa ndi Bohemia Interactive, kampani ya ku Czech Republic. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mafuta a galimoto zankhondo ndi zipolopolo ndi zodula, pomwe pa kompyuta munthu akhoza kulakwitsa kakhumi osafa aliyense.

Koma gemu imene ndikufuna muimvetse ndi ina, yotchedwa UrbanSim, chifukwa ndi imene ili pafupi ndi magemu omanga mizinda amene mwana wanu amasewera. Magemu a mtunduwu anatchuka ndi SimCity ya mu 1989, momwe wosewera amakhala ngati meya: amaika misewu, magetsi, madzi ndi misonkho, anthu akasangalala mzinda umakula, akakhumudwa amasamuka. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Iraq, akuluakulu a asilikali a ku America anaona kuti anthu awo amadziwa kulanda mzinda koma sadziwa kukhala nawo. Bungwe la Institute for Creative Technologies, la pa yunivesite ya Southern California, linawapangira UrbanSim. Wosewera amakhala mkulu wa gulu la asilikali mu mzinda wongopeka wa ku Iraq wotchedwa Al Hamra. Sagwira mfuti. Ntchito yake ndi kusankha: kodi anyamata anga akasake zigawenga, akakonze madzi ndi magetsi, kapena ndikakumane ndi atsogoleri a mitundu? Akalamula, kompyuta imamuonetsa ngati anthu a mumzindamo ayamba kumukhulupirira kapena kumuda. Ukathyola zitseko za anthu usiku pofuna chigawenga chimodzi, mawa mabanja onse a m'deralo akutembenukira.

Ine phunziro limeneli ndimalilemekeza kwambiri, ndipo kwa ife a kuno kuchigwa si lachilendo. Mlendo aliyense wobwera ndi chithandizo ku Nsanje kapena ku Chikwawa amene walambalala nyakwawa ndi gulupu amadziwa mmene ntchito yake imathera. Ikani mjigo pamalo amene mudzi sunagwirizane, muone ngati amayi akatungepo. Mzinda kapena mudzi ndi anthu ndi maubale awo, ndipo wokhudza mbali imodzi wagwedeza zonse.

Apa ndi pamene ndikusiyana ndi mwana wanu. Choyamba, UrbanSim anapangira akuluakulu, anthu amene atha zaka zambiri ali mu yunifolomu, osati mnyamata wongoyamba kumene. Ndipo samasewera ali yekha pansi pa mtengo. Pamakhala mphunzitsi, ndipo akamaliza amakhala pansi kukambirana chimene chinalakwika ndi chifukwa chake. Kukambiranako ndiye maphunziro enieniwo. A ku America omwewo sanakhutire ndi kompyuta yokha: ku Fort Irwin, m'chipululu cha ku California, anamanga midzi yeniyeni yoyeserera n'kulemba ganyu anthu oti azikhala ngati eni mudzi, kuti msilikali amve fumbi, phokoso ndi mantha. Mnyamata wathu akalowa usilikali wa Malawi, chomudikira ndi kuthamanga, kuguba, kunyamula katundu wolemera ndi kumvera malamulo. Zala zothamanga pa foni sizidzamuthandiza pamenepo.

Chachiwiri chimandikhudza kwambiri. Gemu imadziwa zokhazo zimene oipanga anaikamo. Anthu a mu Al Hamra amakwiya ndi kukondwa motsatira masamu amene munthu wina analemba ali ku Los Angeles. Ngati iye anaganiza molakwika za mmene anthu a ku Iraq amaganizira, wosewera amaphunzira cholakwikacho n'kumachiyesa nzeru. Taganizirani wina atapanga gemu ya Bangula asanapondeko. Angadziwe bwanji kuti Ruo akadzaza amakankha Shire madzi n'kubwerera m'midzi? Angadziwe bwanji chifukwa chimene agogo amakanira kusamuka ku Makhanga, kuti kumeneko kuli dimba lawo ndi manda a makolo awo? Mu gemu munthu wotere amaoneka ngati wosamva, pomwe ife tikudziwa kuti ali ndi zifukwa zolemera.

Ndatchula Makhanga dala. Ambiri a ife usilikali tinauonera pafupi pa madzi osefukira a Januwale 2015 ndi pa namondwe Freddy mu Malichi 2023, pomwe asilikali athu anabwera kudzapulumutsa anthu. Ntchito imeneyo ndi yofanana kwambiri ndi ya mu UrbanSim kusiyana ndi magemu owomberana: mabwato ndi ochepa, anthu ndi ambiri, msewu waduka, tiyambire kuti? Chimodzimodzi asilikali a Malawi amene akhala akupita ku DRC pansi pa United Nations, amafunika kudziwa kukhala ndi anthu a kumeneko. Choncho ngati mwana wanu amakonda magemu omanga mizinda, musamuone ngati wotayika. Mtima wofuna kudziwa kuti chinthu ichi chikasintha icho chitani ndi wabwino kwa msilikali. Owomberanawo ndi zosangalatsa chabe, azidziwa zimenezo, ndipo bandulo yake isamadye ndalama ya ufa.

Mumuyese chonchi, Mayi. Mupatseni pepala ajambule Bangula monga akuidziwira: msika, chipatala, masukulu, mijigo, kumene madzi amayambira kulowa ndi njira zimene zimaduka msanga. Kenako mumufunse kuti atapatsidwa mabwato awiri ndi anthu khumi usiku wa chigumula angayambire pati, ndipo angakagogode kaye pakhomo pa ndani. Akalephera kuyankha, mumutume kwa asodzi a pa Shire ndi kwa a komiti yoona za ngozi m'mudzi mwanu akafunse. M'mawa azidzuka kukathamanga dzuwa la kuno lisanakwere. Mudzandilembere zimene ajambule, ndikufuna kudzaziona.