Za ku Pargas, kuyankha msuweni

Eee, msuweni, ndaumva uthenga wako. Akuti, "Kodi kumeneko amayankhula Chiswidishi kapena Chifinishi?" Iwe! Unayamba liti kufunsa za zilankhulo za azungu, iwe amene Chingerezi unkachithawa n'kukabisala kudambo? Hahaha. Wachita kutumidwa iwe, ndipo wakutumayo ndikumudziwa. Dikira kaye.

Kuno ndi ku Pargas, m'dziko la Finland. Achifinishi amati Parainen, malo amodzi omwewo, mayina awiri. Ndi zilumba zokhazokha pa nyanja ya Baltic, pa basi kuchokera ku mzinda wa Turku ola silikwana. Anthu tilipo ngati 15,000. Oposa theka kwawo n'Chiswidishi, enawo Chifinishi, chifukwa Finland inali pansi pa Sweden mpaka 1809. Ndiye chikwangwani chilichonse chili pawiri, Nagu ndi Nauvo, Korpo ndi Korppoo. Kuno Chiswidishi chimakhala pamwamba, ukafika ku Turku Chifinishi n'chimene chimayamba. Zilumba zimenezi zinali maboma paokhapaokha, anaziphatikiza mu 2009... aa, asanu, eya, Pargas, Nagu, Korpo, Houtskär ndi Iniö. Popita ku Nagu msewu umangothera m'madzi, galimoto n'kukwera chombo chachikasu, osalipira ngakhale kakobiri.

Pambali penipeni pa tauni pali chidzenje chachikulu cha miyala ya laimu, kumene kumachokera simenti. Tsiku loyamba nditasuzumiramo ndinakumbuka malume aku Joni aja. Ayi, osati a njinga, ndikunena akuluwo, a chipewa chija. Iwe unali usanabadwe, inenso ndinangomva kwa amayi. Anabwerera nthawi ija Kamuzu ataletsa Wenela, ndege itagwa ku Francistown mu 1974. Atafika, akuti pakamwa pawo panali Chifanakalo chokhachokha, chilankhulo cha m'migodi chija. Kuitana mwana, Chifanakalo. Kupempha madzi, Chifanakalo. Agogo kulira usiku, amvekere mwana wanga mugodi wamudya lilime. Milungu itatu! Anthu mpaka anayamba kunong'onezana zopita naye kwa uje, ukudziwa kale.

Ndiye kunagwa maliro aja a kutsidya. Usiku pa siwa, azibambo ali pamoto panja, nyimbo itazilala, anthu atatopa... mwadzidzidzi wina n'kuitsogolera kumdima uko. Mawu akuluakulu, ndime zonse, osaphonya ngakhale liwu limodzi. Amayi amati azimayi m'nyumba anasiya kuimba, n'kusuzumira pakhomo kuti ameneyu ndi ndani. Malume. Chipewa chili pamaondo. Kutacha anakhala ndi agogo pakhonde mpaka dzuwa kufika pamutu, kucheza Chichewa chenicheni cha kwathu, ngati sanachokepo.

Nanga ndimati chani... eya. Kuno sukulu zilipo za Chiswidishi, zilipo za Chifinishi, kholo limasankha. Ife mwana wathu tinam'lowetsa ya Chiswidishi, Chifinishi akuchitola kwa anzake pabwalo ndiponso amachiphunzira m'kalasi. Mayi wina woyandikana nafe amayankhula ndi ana ake Chiswidishi, bambo awo Chifinishi, pa tebulo limodzi, ana n'kumayankha aliyense m'chake. M'sitolo wogulitsa amayamba wamva kaye kuti wam'patsa moni uti, kenaka n'kukutsatira. Palibe amene amadabwa kuti mwana ali ndi chilankhulo cha kunyumba. Mpaka aphunzitsi ake anandiuza okha kuti musasiye kumuyankhula chakwanu.

Ndiye kawauze azakhali, poti ndi iwowo akutuma, usakane: mdzukulu wawo Chichewa sanaiwale. Dzulo lomweli amadandaula kuti, "Amayi, ndiwo zachepa mchere." Nsomba zake zinali tating'ono ta m'nyanja muno, amati strömming, ndimazikazinga ngati usipa. Katchulidwe kokha n'kamene kamapotoka pang'ono, "ng'ombe" imam'vuta, koma akumva zonse ndipo akuyankha.

Wamva? Sanaiwale. M'nyumba muno tikatseka chitseko ndi Chichewa basi, Chiswidishi chimatsala pakhomo pamodzi ndi nsapato ndi majekete.

Ndipo iwe usakawonjezere zako ngati za ukwati uja. Ukangowauza kuti mwana akuyankhula. Lamulungu madzulo tikuimbirani, uwapatse foni azakhaliwo amumve okha, koma uitchaje kaye foniyo, osati ija ya ulendo watha.