Mphwanga, mzinda wa m'nthano yako uyambire pa mphepo

Eee, mphwanga, ndamvera uthenga wako, ndawerenganso masamba awiri amene waika pagulu pano. Ukufunsa kuti mumzinda wamalonda wa m'mbali mwa nyanja yamchere umene ukupekawo, wa nthawi ya zombo zamatanga, anthu azikhala bwanji tsiku ndi tsiku kuti wowerenga akhulupirire. Ndingoyankha pakamwa, kulemba kungatalike.

Wayambira pa mfumu ndi nyumba yake. Zimenezo ziike kaye pambali, chifukwa wolamulira mzinda wotere ndi mphepo. Walemba kuti zombo zimafika tsiku lililonse. Pamenepo pakonze. Tenga chitsanzo cha gombe la kum'mawa kwa Africa, kumene kuli Kilwa, Mombasa ndi Lamu. Kuyambira cha mu Novembala mpaka Malichi kumawomba mphepo yochokera kumpoto chakum'mawa, Aswahili amati kaskazi, ndiyo inkabweretsa zombo za ku Arabia, Persia ndi India. Cha mu Epulo imatembenuka, kumabwera mphepo yotchedwa kusi yochokera kum'mwera, yobwererera kwawo. Koma mu Juni ndi Julayi kusi imalusa, ndiye woyendetsa chombo wanzeru ankanyamuka mu Epulo, apo ayi ankadikira kumapeto kwa Ogasiti kapena Seputembala. Akachedwa n'kutolera ngongole, kusi n'kutha, basi, wakhala mpaka chaka chamawa.

Tsono waona, mlendo wa mumzinda wako si wa masiku awiri. Amakhala miyezi. Adya kuti, agona kwa yani, akongola kwa yani? Chikhalidwe chimene ukufunsacho chimabadwira pa kudikira kumeneku: maukwati a amalinyero ndi ana a eni mzinda, chilankhulo chodzaza mawu obwereka, zakudya zosakanikirana. Ibn Battuta, munthu wa maulendo wa ku Morocco, atafika ku Mogadishu ku Somalia mu 1331 anapeza kuti chombo chikangoponya nangula, anyamata ankapalasa timabwato atanyamula chakudya, aliyense n'kudzitengera wamalonda mmodzi kukhala mlendo wake. Wamalondayo ankagona kwa mwini nyumbayo, ndipo kugula ndi kugulitsa konse kunkadzera mwa iye. Ukaika dongosolo lotere m'nthano yako, mikangano ya mabanja ibwera yokha.

Chachiwiri ndi madzi a m'nyanjamo. Walemba kuti asodzi amanyamuka mbandakucha tsiku ndi tsiku. Nyanja yamchere imadzaza n'kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo kuchoka pa kudzaza kumodzi kufika pa kwina pamapita maola 12 ndi mphindi 25. Ndiye kuti nthawi imasuntha ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Ngati lero yadzaza 6 koloko m'mawa, sabata yamawa idzadzaza cha m'ma 12 koloko masana. Msodzi amatuluka madzi akamaphwa, amalowa akamadzaza, choncho msika wa nsomba nawo ulibe ola lokhazikika. Mwezi ukakhala wathunthu kapena uli mumdima, masiku 14 kapena 15 alionse, madzi amakwera kwambiri n'kutsikanso kwambiri, malo ena kusiyana kwake kumayandikira mamita 4. Masiku amenewo amayi ndi ana amatsikira kutali pamatanthwe kukatola nkhono ndi nkhanu, amuna amakwezera zombo pamchenga kuti azipale kunsi. M'madzi ofunda muli tizilombo tonga nyongolotsi toboola matabwa, ndiye kunsi kwa chombo amakumata laimu wosakaniza ndi mafuta a nyama. Ukachikweza pa tsiku limene madzi afika pamwamba penipeni, sichiyandamanso mpaka patapita masabata awiri.

Koma chimene ndikufuna uchimvetse kwambiri ndi madzi akumwa. Mzinda wazunguliridwa ndi madzi, koma ludzu lili pakhomo. Pansi pa mchenga wa kugombe madzi abwino amayandama pamwamba pa amchere chifukwa ndi opepukirapo. Chitsime chake chimakhala chosazama, ndipo umatunga modekha. Ukachizamitsa, kapena mukatunga mothamanga kuti mudzaze migolo ya zombo makumi awiri nthawi imodzi, mchere umakwera, ndipo chitsime chikalowa mchere sichichira msanga. N'chifukwa chake nyumba ya munthu wopeza bwino imakhala ndi thanki yomanga yosungira madzi a mvula. Tiye tiwerengere limodzi. Munthu mmodzi tim'patse malita 20 pa tsiku. Banja la anthu 10 ndi malita 200. Chilimwe cha masiku 150 chikufuna malita 30,000, ndiyo thanki ya mamita 4 m'litali, 3 m'lifupi, 2.5 kuzama. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa sikweyamita imodzi imapereka lita imodzi, choncho denga la mamita 10 kwa 8 likalandira mamilimita 500 limatola malita 40,000. Chotsapo gawo limodzi mwa magawo anayi lotayika, thanki ija yadzaza ndendende. Mvula yoyamba amaitaya, imatsuka fumbi ndi zitosi za mbalame. M'thankimo amaponyamo tinsomba tating'ono todya mphutsi za udzudzu. Ndipo chimbudzi chikakumbidwa pafupi ndi chitsime, mchenga sutchinga kanthu, matenda otsekula m'mimba amagwira dera lonse, makamaka nyengo ya alendo anthu akachuluka. Amene ali ndi madzi mumzinda wako ndiye ali ndi mawu, mwina kuposa mfumu yako ija.

Za nyumba. Amamangira miyala ya korali ya m'nyanja momwemo, laimu amawotcha kuchokera ku miyala yomweyo, n'kumusiya m'dzenje miyezi kuti akhwime. Akafulumira, kapena akasakaniza ndi mchenga wa kugombe wosasukuluka mchere, khoma limayamwa chinyezi, pulasitala amasupuka. Mitanda ya denga ndi mitengo yomera m'matope a madzi amchere, Aswahili amati mikoko, ndipo siinyamula denga lolemera ngati makoma atalikirana kupitirira mamita atatu. Choncho zipinda zimakhala zazitali koma zopapatiza. Chipinda chachikulu chamadyerero chimene walembacho chiikire nsanamira ndi madenga obulungira, monga mzikiti waukulu wa ku Kilwa. Misewu ikhale yopapatiza kuti muzikhala mthunzi, katundu aziyenda pa abulu ndi pamutu, ngolo sizingadutse. Pakhomo pakhale benchi yamiyala, pamene mlendo amachezera osalowa m'kati. Usaiwalenso kuti anthu ambiri sakhala m'nyumba zamiyala, amakhala m'zadothi zofolera ndi masamba a kokonati, ndipo moto ukabuka nyengo ya mphepo ndiwo amapsa.

Katundu ndi wosavuta. Kumatuluka minyanga ya njovu, golide, mitengo ija. Kumalowa nsalu, mikanda ndi mbale za ku China. Mzinda sudzidyetsa wokha, mapira ndi nyama zimachokera kwa alimi a kumtunda, ndiye ukayambana nawo njala yalowa. Ndipo usabise kuti madoko ambiri otere ankagulitsanso anthu. Wosenza minyanga, wotunga madzi, wopota zingwe za makoko a kokonati, uwapatse mayina ndi pakamwa m'nthanomo.

Usanapitirize mutu wachitatu, jambula kalendala ya miyezi 12, ulembepo mphepo, mvula ndi mwezi, kenako usankhe mbali imene doko lako layang'ana. Ukatero unditumizire pano, ndione ngati chombo cha mtsikana wa m'nthano yako uja chingathedi kutuluka usiku umene wachitulutsawo.