Musanagule nkhunzi ya kunja, yambani mwasankha m'khola mwanu momwemo

Bambo, funso lanu ndaliwerenga bwino, ndipo ndilibwereze mwachidule kuti ena amene sanalione athe kutsatira. Mwati muli ndi ng'ombe zachikuda zoposa 20 kumadzulo kwa Lilongwe, dzinja lililonse mumataya mathole chifukwa cha chigodola, matenda a ng'ombe ofala ndi nkhupakupa, ndipo mukuganiza zogulitsa ng'ombe zofula zingapo kuti mugule nkhunzi ya mtundu wa Angus kapena Simmental yochokera ku South Africa, poyembekezera kuti idzakupatsani ana osadwaladwala, a nyama yabwino ku thanzi la munthu imene mabutchala a m'tauni angaikonde. Malangizo anga ndi akuti nkhunzi imeneyo musaigule, chifukwa mphamvu yopirira matenda imene mukuifunayo ili kale m'khola mwanu, ndipo nkhunzi ya ku Ulaya ingabwere kudzaichepetsa m'malo moionjezera.

Mtundu wa Angus unachokera ku Scotland pomwe wa Simmental unachokera ku Switzerland, maiko ozizira kumene kulibe nkhupakupa yofiirira ya m'makutu imene imafalitsa chigodola. Ngakhale ku South Africa kumene mukufuna kukagulako, chigodola chenichenichi adachithetsa m'zaka za m'ma 1950, kotero ng'ombe zoleredwa m'mafamu a kumeneko sizinakumanepo nacho. Nkhunzi yotere ikafika kwanu n'kulumidwa ndi nkhupakupa yonyamula kachilomboka, pakatha sabata imodzi kapena ziwiri mudzaona mwanabere watupa kunsi kwa khutu, thupi latentha, yasiya kudya, kenako ikupuma movutika thovu likutuluka m'mphuno, ndipo ikapanda kulandira mankhwala msanga imafa mwezi usanathe. Ng'ombe zathu za linunda, zimene akatswiri amazitcha Malawi Zebu, zakhala ndi nkhupakupa imeneyi kwa mibadwo yambiri. Ubweya wake ndi waufupi ndi wosalala, chikopa chake chimanjenjemera chikamva kachilombo, zimadzinyambita kwambiri, ndipo nkhupakupa zambiri zimene zakwera pathupi pake zimagwa zisanakhute magazi. Mathole ake ambiri amadwala chigodola pang'ono ali aang'ono, n'kuchira, n'kukhala ndi chitetezo moyo wawo wonse. Kuti ena akufa ndi zoona, koma funso loyenera kufunsa ndi lakuti akufawo ndi ana a ng'ombe ziti, nanga opulumukawo ndi a ziti.

Apa ndipo pali ntchito yeniyeni, ndipo siifuna ndalama koma kope la sukulu ndi cholembera. Ng'ombe iliyonse ikhale ndi tsamba lake, pamene muzilembapo tsiku limene yaswa, nkhunzi imene inaikwera ngati mukuidziwa, matenda amene iyo kapena thole lake ladwala, mankhwala amene mwabaya, ndi mmene thupi lake likuonekera mu Okutobala msipu utatheratu. Mu Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhupakupa zimachuluka, sankhani tsiku loti mawa lake mukasambitse ng'ombe, muime mbali imodzi ya ng'ombe iliyonse ndi kuwerenga nkhupakupa zokhuta magazi kuyambira kukhosi mpaka kumchira, kenako mupinde khutu ndi kusuzumira m'kati, mukwezenso mchira. Mukachita zimenezi kangapo mudzadabwa kuona kuti ng'ombe zodya dambo limodzi, zogona khola limodzi, zimasiyana kwambiri: ina mbali yonse ili mbee, inzake makutu ali odzaza mpaka kuchucha magazi. Nthawi zambiri ng'ombe zochepa zokha ndizo zimanyamula nkhupakupa zochuluka za khola lonse, ndipo ndi zomwezomwezo chaka ndi chaka. Khalidwe limeneli limayenda m'magazi, ana amatengera kwa makolo awo, ndiye chifukwa chake alimi a ku Australia akhala akuligwiritsa ntchito posankha ng'ombe zawo za kumadera otentha.

Pakatha zaka ziwiri kope lija lidzakuuzani zoona zimene maso okha sanena. Ng'ombe imene imaswa chaka chilichonse kapena kudumphitsa pang'ono, imene mathole ake amafika posiya kuyamwa osabayidwa jakisoni, imene siionda mpaka nthiti kuwerengeka m'chilimwe, imeneyo ndiyo mayi wa khola lanu, ndipo misoti yake musagulitse ngakhale wogula atakunyengererani motani. Imene yataya mathole awiri motsatizana, kapena imene mumaigulira mankhwala dzinja lililonse, inenepetseni ndi kuigulitsa, ngakhale ikhale yokongola maanga. Ndikudziwa kuti kwathu kuno ng'ombe imene timathamangira kugulitsa pakagwa vuto ndi yonenepa ija, chifukwa ndiyo imabweretsa ndalama zambiri, ndipo m'khola mumatsala zofooka kuti zibereke. Tikamatero timakhala tikusankha mbewu mobwerera m'mbuyo osadziwa, ndipo ndikukhulupirira kuti kuchepa thupi kwa ng'ombe zambiri za m'midzi kwachokera pamenepa pamodzi ndi kukwerana pachibale.

Tsono ndikumvetsa kuti ng'ombe yachikuda yaikazi kawirikawiri siipitirira makilogalamu 300 ndipo imakula pang'onopang'ono, pomwe inu mukufuna nyama yoti mugulitse pa sikelo. Ngati mukufuna kuonjezera thupi, yang'anani mitundu imene inakulira kotentha. Brahman ndiye wodziwika kwambiri kuno, ndipo aliyense amene anafika ku Chikwawa ndi Nsanje anaona ng'ombe zotuwa za makutu olendewera zimene zinachokera pokweretsa mtundu umenewu ndi zachikuda. Boran wa ku Kenya ndi kummwera kwa Ethiopia ndi wofatsa, wobereka bwino, ndipo thupi lake si lalikulu mopitirira. Tuli wa ku Zimbabwe nyama yake ndi yofewa kuposa ya ng'ombe za linunda lalikulu. Palinso Bonsmara, amene Jan Bonsma adamupanga ku South Africa posakaniza magawo asanu mwa asanu ndi atatu a Afrikaner ndi magawo atatu otsalawo a Hereford ndi Shorthorn, ndipo ngakhale katswiri ameneyo, amene ankafuna nyama yambiri, adasiya magazi a ng'ombe za mu Africa kukhala ochuluka kuposa a ku Ulaya. Pakati pa yonseyi, kwa munthu wa ng'ombe 20 wodalira dambo ndi mapesi, ine ndingasankhe Boran kapena nkhunzi ya theka Brahman theka yachikuda yobadwira m'dziko muno.

Koma dziwani kuti kupirira nkhupakupa ndi kupirira chigodola ndi zinthu ziwiri zosiyana. Brahman sanyamula nkhupakupa zambiri, komabe wokulira ku chigwa cha Shire kumene chigodola sichivuta kwenikweni angathe kufa nacho akakwera kumtunda kwanuko. Chachiwiri, ana oyamba a mitundu iwiri amakula mofulumira ndipo amakhala amphamvu kuposa mmene mungayembekezere, ndipo zimenezi zimakopa mlimi kuti abwerezenso nkhunzi ya kunja pa misoti yobadwayo. Akatero magazi achikuda amatsika kufika pa gawo limodzi mwa anayi, ng'ombe zimafuna chakudya chimene dambo la mu Okutobala silingapereke, zimachedwa kutenga bere, ndipo matenda amabwerera mwamphamvu. Musalole kuti magazi achikuda achepere theka. Ndiponso nkhunzi yaikulu musaipatse misoti yaing'ono imene sinaswepo, chifukwa thole lingakanirire pobadwa, inu n'kutaya mayi ndi mwana yemwe.

Pogula nkhunzi, pitani nokha kukhola kumene inabadwira, makamaka la m'dera limene muli chigodola ngati kwanu, ndipo mupemphe kuona mayi wake ndi abale ake. Muiyendetse kuti muone ngati miyendo ndi ziboda zili zolunjika, muone ngati machende ali ofanana ndi okula bwino, ndipo mufunse mwini wake kuti yabayidwa kangati chibadwire. Alangizi a ziweto a kwanu angakuuzeni alimi ndi mafamu amene ali ndi nkhunzi zodalirika, ndiponso ndi iwo amene angakuthandizeni kuti iyezedwe chifuwa chachikulu ndi matenda otayitsa bere, amene onse awiri amagwiranso anthu. Musaiyendetse popanda chilolezo cha a zaumoyo wa ziweto, ndipo ikafika ikhale payokha milungu itatu kapena inayi isanasakanikirane ndi zinzake. Ikakhala nanu zaka zitatu musinthane ndi mlimi wa kutali, isanayambe kukwera ana ake omwe. Vuto limene ambiri saliganizira ndi la kudambo: ngati ng'ombe zanu zimadya pamodzi ndi za mudzi wonse, kankhunzi kalikonse kosafula kangathe kukwera ng'ombe yanu yabwino ija nkhunzi yanu yodula ili pomwepo. Nkhani imeneyi njofunika kukambirana ndi eni makola anzanu pamaso pa amfumu, kuti timankhunzi tosafunika tifulidwe tikadali tating'ono ndipo nonse mupindule ndi nkhunzi ziwiri kapena zitatu zosankhidwa.

Za mathole amene akufawo, musadikire kuti kusankha mbewu kubale zipatso, pakuti ng'ombe imakhala ndi bere miyezi isanu ndi inayi ndipo m'badwo umodzi umatenga zaka zinayi kapena kuposa. Katemera wa chigodola amapangidwa mu Lilongwe momwemo, ku Centre for Ticks and Tick-Borne Diseases. Thole limabayidwa tizilombo tamoyo pamodzi ndi mankhwala a oxytetracycline nthawi imodzi, limadwala pang'ono, ndipo limatetezedwa moyo wake wonse. Katemerayu amasungidwa mozizira kwambiri ndipo amabaya ndi anthu ophunzitsidwa okha, choncho ndi bwino kugwirizana alimi angapo kuti mathole achuluke tsiku limodzi. Kusambitsa nako musasiye, makamaka dzinja, ngakhale kuti ng'ombe zachikuda sizifunika kuzisambitsa mpaka kusowa nkhupakupa ndi imodzi yomwe, chifukwa kulumidwa pang'ono ndiko kumasunga chitetezo chake ku matenda ena monga aja okodzetsa magazi. Palibe mtundu wa ng'ombe umene ungakutetezeni ku matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Za kaodzera wofala ndi kashembe sindichulukitsa, poti vuto limenelo ndi la oyandikana ndi nkhalango za Kasungu, Nkhotakota, Vwaza ndi Liwonde.

Pa nkhani ya nyama yabwino ku thanzi la munthu, mtundu wa ng'ombe uli ndi gawo lochepa kuposa mmene otsatsa malonda amanenera. Angus amatchuka chifukwa cha mafuta olowerera m'kati mwa mnofu, amene amakometsa nyama ndi kuifewetsa, koma kukoma ndi thanzi si chinthu chimodzi. Ng'ombe zathu mafuta ake ambiri amakhala kunja kwa mnofu kumene munthu angathe kuwasenga ndi mpeni, ndipo ng'ombe yokulira pa msipu imakhala ndi mafuta ochepa, amene mwa iwo muli a mtundu wa omega-3 ochulukirapo kuposa a ng'ombe yokulira pa chimanga chokhachokha. Mafuta achikasu amene ogula ena amawakana amachokera ku udzu wobiriwira ndipo alibe vuto. Chimene chiyenera kukuopsani ndi pamene chikasucho chafika m'maso, m'mitsempha ndi m'nyama monse, pakuti chimenecho ndi chizindikiro cha matenda.

Chimene chimaononga nyama kwenikweni ndi mankhwala otsalira m'thupi, ndipo apa ndi pamene nkhani ziwiri za funso lanu zikukumana, chifukwa ng'ombe yosadwaladwala ndi ng'ombe yosabayidwabayidwa. Pa botolo lililonse la mankhwala pamalembedwa masiku oyenera kudikira ng'ombe isanaphedwe, ndipo chizolowezi chobaya ng'ombe yodwala lero n'kuipha mawa poona kuti siichira chimadyetsa anthu mankhwala amene pambuyo pake amasiya kugwira ntchito m'matupi mwawo. Kope lija lidzakuthandizaninso pamenepa. Mukapha ng'ombe, imani pafupi ndi woyeza nyama pamene akucheka chiwindi: mukaona mitsempha yake yoyera ndi yolimba, muli tinyongolotsi taphanthiphanthi, dziwani kuti ng'ombe zanu zikumwa m'zithaphwi za nkhono ndipo zikufunika mankhwala a nyongolotsi za m'chiwindi. Akacheka tsaya kapena mtima n'kupeza timatuza toyera tonga njere za mpunga, ndiye kuti anthu akudzithandiza kumene ng'ombe zikudya, ndipo mankhwala ake ndi chimbudzi, osati nkhunzi yatsopano.

Kulimba kwa nyama kumene mabutchala amadandaula nako kuli ndi zifukwa ziwiri. Nyama ya ng'ombe za linunda mwachibadwa imachedwa kufewa ikaphedwa, ndipo zimenezi zimaonekera kwambiri magazi a Brahman akachuluka. Koma chifukwa chachikulu ndi chakuti timagulitsa ng'ombe zokalamba zimene zakoka ngolo zaka zambiri. Ng'ombe zofula za zaka ziwiri ndi theka kapena zitatu, zoikidwa m'khola miyezi itatu kapena inayi mutangokolola, zikudya mapesi, masangwi a mtedza, nsenjere, masamba a lukina ndi madeya, pamodzi ndi mchere pang'ono ndi madzi okwanira, zimatulutsa nyama imene wogula wa m'tauni sangaidandaule. Ndalama imene munakonzera nkhunzi ya ku South Africa ingakwanire kutemera mathole onse a chaka chino, kumanga khola lonenepetsera la denga, kugula madeya pamene ali otsika mtengo, ndi kutsalako ya nkhunzi yobadwira kuno. Mukamakambirana ndi butchala, sankhani amene ali ndi chipinda chozizira, ndipo mumupemphe kuti nyama ya ng'ombe zanu aziipachika masiku 7 kufikira 14 asanaidule, chifukwa m'masiku amenewo ndi mmene mnofu umafewera wokha.